Phewa la Mayi Mathilda

Mukakumana ndi Mayi Mathilda pa siteji ya basi ya pa Finch, mumzinda wa Toronto ku Canada, duku kumutu, pamwamba pa duku chipewa cha ubweya, n'kuwafunsa kuti adzuka bwanji, yankho ndi limodzi chaka chonse: "Tadzuka, kaya inu." Ngakhale tsiku limene phewa lawo linang'ambika anayankha chomwecho. Musaseke abale, inunso ndi momwemo. Ife kwathu munthu ali thapsa pamphasa, akunjenjemera ndi malungo, ukamufunsa amati, "Pang'ono." Koma a Mathilda anatiposa tonse, ndipo ulemu umenewu ndi womwe unawapweteka.

Kwawo ndi ku Ntcheu, kumapiri kuja kolimidwa mbatata ya kachewere. Anabadwa oyamba m'nyumba ya ana ambiri, ndiye mutu wawo unadziwa nkhata dzanja lisanadziwe pensulo. Tsono kumunda kumeneko kuli kachitidwe kake. Wokusenzetsa dengu amafunsa, "Lalemera?" Iwe mwana woleredwa bwino suvomera, umati, "Ayi, onjezerani." Wofunsayo naye si chitsiru, amadziwa kuti pakamwa pako pakuyankha ulemu chabe. Amayang'ana khosi. Akaona likunjenjemera amatapako mbatata zingapo osanena kanthu, iwe n'kunyamuka ulemu wako uli wonse, khosi lakonso lili lonse. A Mathilda anakula choncho. Atatha msinkhu, anamkungwi anangokhomerera msomali womwewo, kuti mkazi sadandaula pagulu ndipo pobereka salira ngati mbuzi.

Ku Canada anabwera potsatira amuna awo, a Luke, amene anadzaphunzira n'kukhazikika komweko. A Luke anamwalira mwana wawo Mwiza ali ku pulayimale, ndipo a Mathilda sanabwerere kumudzi monga abale ankayembekezera. Analowa ntchito yosamalira okalamba pa nyumba ina ya ku North York, mu Toronto momwemo: kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kutembenuza anthu pabedi, kuwasamutsa kuchoka pabedi kupita pa chikuku, mpando wa matayala uja. Ntchitoyi ankaikonda, osati zongonamizira ayi. Okalamba a pa nsanjika yachitatu ankawadziwa onse, matenda awo ndi mikwiyo yawo yomwe. Pakati pawo panali gogo wina wa ku Italy, dzina lake Pina, wochepa thupi koma waukali ngati mavu, amene ankawatcha Matilde.

Pakati pa a Malawi a mu Toronto nakonso anali odziwika. Kukakhala chinkhoswe kapena maliro, amene ankatsika ndi kukwera masitepe a holo ya tchalitchi atakumbatira mipando ndi mabokosi a zakumwa anali iwo, pamene azibambo a matayi ali chilili kukambirana ndale zakwathu. Wina akachita manyazi n'kunena kuti, "Mayi, tikulandireni," iwo ankati, "Ayi, n'zopepuka izi." Wofunsayo n'kubwerera ku ndale zake mtima uli mbee. Anthu anazolowera.

Tsoka silinunkha. M'mawa wina m'nyengo yozizira, bambo wina wokalamba, wathupi ndithu, anaterereka m'bafa. Lamulo la pamalopo limati munthu wotere anyamulidwe ndi anthu awiri ndi makina onyamulira, koma munthu akamagwa sadikira lamulo. A Mathilda anamuwakha ndi mkono wamanja. Anamva kuti thyo m'phewa, kenako kutentha. Anamaliza shifiti, mawa lake anabwera, mkuja anabweranso, akungopaka mankhwala onunkha aja a m'kabotolo. Amene anawagwira ndi Mwangala, mnzawo wa ku Zambia wogwira naye nsanjika imodzi, atawapeza m'chipinda chosinthira zovala akulimbana ndi jekete, mkono ukukana kulowa.

Atawaunika, dokotala anati mtsempha wa m'phewa wang'ambika koma sunaduke. Opaleshoni siyofunika, anatero, bola aupumitse, kenako aulimbitse pang'onopang'ono ku kiliniki ya a fiziyo, akatswiri owongola ziwalo. Kuntchito anawauza bwinobwino kuti malo awo alipo, koma adzabwerera pokhapokha a ku kiliniki atawayesa n'kutsimikiza kuti atha kunyamula katundu popanda vuto. Nkhani yonse inatsamira pamenepo. Phewa likachira ntchito ilipo, likapanda kuchira ntchito yatha.

Kukhala pakhomo kunawadwalitsa kuposa phewa lenilenilo. Fulati yawo ili m'mwamba kwambiri, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka nthawi ya ntchito, kusamba, kuvala, kenako n'kuima pawindo kuonerera mabasi akunyamula anzawo. Pansi chipale chili mbee, kumwamba kuli bii, dzuwa osaoneka sabata yathunthu. Mwiza, amene tsopano anali atayamba ntchito kubanki m'tauni, ankachoka m'mamawa n'kubwera kutada. Mwanayu Chichewa amamva, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. "Mami, pumulani, mwagwira ntchito moyo wanu wonse," ankatero. Kupumula n'chiyani kwa munthu woti sanakuphunzirepo? Anachapa makatani oyera kale, anapukuta firiji ndi dzanja lamanzere, ndipo zonse zitatha anakhala pa sofa n'kudzimva kuti ndi munthu wopanda ntchito padziko. Zinkawawawa mtima, ndipo ankachita manyazi ngakhale kutsika pansi masana kuopa kukumana ndi owadziwa.

Kilinikiyo inali pansi pa nyumba ina ya maofesi, malo ofunda onunkha mphira. Masabata oyamba kunali kuwongola mkono ndi kukoka malamba a mphira, zimene iwo ankati zamasanje. Kenako anawapereka m'manja mwa Conrad, bambo wachinyamata, wamtali, wofatsa, amene ntchito yake inali yolimbitsa odwala ndi zitsulo. Anawatengera pa chithunzi chapakhoma chokhala ndi manambala kuyambira wani mpaka teni, m'munsi mobiriwira, m'mwamba mofiira.

"Mathilda," anatero. Inde, dzina lenilenilo, lopanda "mayi" lopanda "a", munthu woti akanamubereka. Anali atazolowera za kunoko, koma ankamvabe kuti nyau mumtima. "Ine sindingalowe m'phewa mwanu. Sikelo ndinu. Mukamaliza kukweza chitsulo ndizikufunsani nambala. Wani ndiye kuti simunamve kanthu. Faifi, mwagwira ntchito koma mukhoza kupitiriza mukucheza. Seveni, mwatsala ndi mphamvu yokweza katatu kokha. Teni, mwatheratu, simungakwezenso ngakhale kamodzi. Ine ndikufuna tizikhala pa sikisi kapena seveni. Mukanena yocheperapo ndiwonjezera chitsulo, mukanena yopitirira ndichepetsa. Ndipo kukabaya, osati kutopa chabe koma kubaya, mundiuze pompo."

A Mathilda anavomera ndi mutu. Conrad anawapatsa kachitsulo koti mwana akhoza kuseweretsa, ndipo iwo anakakweza cham'mbali monga anawasonyezera. Kunena zoona kanawavuta, pofika kumapeto phewa linali litayamba kutentha.

"Nambala?" anafunsa Conrad akumwetulira.

Pamenepo pakamwa panayankha pokha mutu usanaganize. Munthu wakufunsa mwaulemu ngati katundu walemera, ungamuyankhe chiyani?

"Folo," anatero.

Anayembekeza kuti ayang'ana khosi. Conrad anayang'anadi, nkhope, mapewa, kapumidwe, pakuti ntchito yake ankaidziwa. Koma anapeza nkhope ili phee, nkhope ya munthu amene anaphunzira kubisa asanaphunzire kuwerenga. Iye anakulira kumene munthu akati folo ndiye kuti folo. Anakatenga chitsulo chokulirapo.

Pa benchi yoyandikana nayo pankakhala mzungu wina wamimba, wochira bondo, amene ankabuula ngati akufa ndi kufuula kuti "Naini! Naini!" pa kanthu kochepa. A Mathilda ankamuyang'ana cham'mbali. Bambo wamkulu, ndevu zili mbuu, osachita manyazi! Iwo zimenezo ayi. Komanso anali ataona kale mmene zinthu zikuyendera: nambala yaing'ono imabweretsa chitsulo chachikulu, ndipo chitsulo chachikulu chimafupikitsa njira yobwerera ku nsanjika yachitatu. Basi ulemu ndi changu zinagwirizana. Sabata ndi sabata yankho linali folo, likakwera faifi. "Mukanatha kukwezanso kangati?" "Kambiri." Conrad ankasangalala, mwana wa eni, ankauza anzake kuti sanaonepo mayi wamphamvu chonchi. Mawu amenewo a Mathilda ankapita nawo kunyumba n'kumawakumbukira m'basi, chifukwa panali patapita nthawi munthu asanawayamikire.

Koma thupi silinamizidwa. Potuluka pa kiliniki ankakwera basi mkono ataugwirizira ndi unzake, basi ikalumpha bampu m'maso n'kuchita mdima. Ketulo yodzaza inayamba kuwakanika, ankawiritsa madzi a kapu imodzi imodzi. Tsitsi analimeta, akuti fasho, chonsecho chipeso sichinkafika kumutu. Kugona ankagona chokhala pa sofa chifukwa pabedi phewa linkalasa, ndipo Mwiza akafunsa ankati yawagoneka ndi wailesi yakanema.

Masana ena Mwangala anabwera kudzawazonda atatenga chikanda, chakudya cha kwawo. Anaona a Mathilda akutsegula firiji ndi dzanja lamanzere, lamanja lili lende, ndipo anaika mbale patebulo mwamphamvu.

"Ba Mathilda, manje ni chani ichi? Uja mwana wa ku fiziyo mumamuuza zoona?"

"Ndimamuuza zoti amve."

"Imwe! Muzazipaya mweka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Aba bantu bamvela chabe vamene wakamba, sibalota."

"Kwa eni kulibe mkuwe, mnzanga. Ndikayamba kulirira tizitsulo timeneti adzati mayi uyu watha, akhale pakhomo. Tandiuzani za kuntchito."

Mwangala anazengereza, koma ndi munthu woti nkhani imamuyabwa pakamwa. Anati pa nsanjika yachitatu aikapo mtsikana watsopano wogwirizira, wabwino ndithu, wachangu, mabwana akumukonda. Anatinso Gogo Pina wasiya kudya bwino, akumakankha supuni ndi kufunsa aliyense wolowa kuti Matilde ali kuti. Mwangala ankafuna kuwasangalatsa kuti akukumbukiridwa, osadziwa kuti akusonkhezera moto. Atachoka, a Mathilda anatsala okha ndi nkhaniyo. Anachita mantha ndi mtsikanayo, anamva chisoni ndi gogoyo, ndipo zonse ziwiri zinawauza chinthu chimodzi, kuti afulumire.

Tsiku lina Mwiza anapuma kuntchito, nati aperekeze mayi ake. Anakhala pampando pakona, foni m'manja. A Mathilda anali kukweza zitsulo ziwiri kupitirira mutu, nkhope ili phee monga mwa masiku onse, koma milomo ikugwedera pang'ono. Conrad ankaganiza kuti akuwerenga. Mwiza anamva. Chichewa chake n'chosweka, koma mawu akuti "mayo ine, mayo ine" anawamvapo kamodzi, tsiku loika bambo ake, ndipo sanawaiwale.

"Nambala?" anafunsa Conrad.

"Faifi."

"Akunama," anatero Mwiza m'Chingerezi, ataimirira. "Akumva kuwawa, ndawamva akulira chapansipansi. Kunyumba sangathe ngakhale kupesa. Amagona chokhala."

Haa! Ngakhale wa bondo uja anasiya kubuula. Mwana wobereka wekha kukutcha wabodza pamaso pa alendo! A Mathilda anatula zitsulo pansi mosafulumira, natembenuka.

"Iwe, wakufunsa ndani?" anatero m'Chichewa, mawu otsika. "Ndi mmene ndinakulerera?"

Conrad anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. "Mathilda, ndi zoona? Mukandibisira ndikupwetekani ndi manja angawa osadziwa."

Apa ndiye pamene akanavomera, ndipo mtima wina unkafunadi kuvomera, chifukwa anali atatopa. Koma kuvomera pamenepo kunali kulengeza kuti mwana wanena zoona ndipo mayi wanama, anthu onse akumva. Anamwetulira.

"Mwanayu chilankhulo chathu sachidziwa bwino," anatero. "Ndimapemphera."

Conrad sanakhutire. Anawabwezera ku tizitsulo tating'ono, anawatumizanso kwa a fiziyo kuti akapime phewa, ndipo tsiku la mayeso analikankhira kutsogolo. Kwa a fiziyo anawapinda mkono uku ndi uku akufunsa ngati kukuwawa, iwo akuti, "Pang'ono." M'basi pobwerera mayi ndi mwana anakhala mipando yosiyana. Atafika kunyumba Mwiza anayesa kulankhula, misozi ili m'maso.

"Mami, ndimafuna kukuthandizani."

"Wandivula pagulu," anatero a Mathilda, n'kulowa kuchipinda.

Anatha masabata angapo akungopatsana moni, ndipo Mwiza sanawaperekezenso.

Phunziro limene a Mathilda anatolapo si limene mwana wawo ankafuna. Anaphunzira kunama mwaluso. Anaona kuti folo ndi faifi zikukayikitsa, ndiye anayamba kupereka manambala omveka: pa chopepuka sikisi, pa cholemera seveni, nthawi zina kukwinya nkhope pang'ono mwadala kuti aoneke oona mtima. Asananyamuke ankamwa mapilitsi opha ululu, ndipo pokweza milomo ankailuma kuti isagwedere. Pamene panali naini weniweni ankati seveni. Conrad mtima unakhala pansi, anaganiza kuti tsopano amvana, ndipo zitsulo zinayambanso kukwera. Chipale chinasungunuka, misewu inadzaza matope ndi mchere wosungunulira chipalecho, tsiku la mayeso linafika.

Mayeso ake anali osavuta kuwamva. Bokosi la zogwirira ziwiri, kulichotsa patebulo n'kuliika pa shelefu yofika m'mapewa, n'kulitsitsanso. Akamaliza, Conrad aikamo chitsulo china. Panali mulingo woti akaufika ndiye kuti apambana, abwerera kuntchito.

"Mukangofika pa eyiti, kapena kukabaya, tiima," anatero Conrad. "Kuima si kulephera. Tidzayesanso mwezi wamawa."

Mwezi wamawa! A Mathilda anali atasita kale yunifolomu, ili pa hang'ala kuseri kwa chitseko.

Ulendo woyamba bokosi linakwera bwino. Wachiwiri phewa linayamba kuyaka. Kenako kunabaya, kubaya kwenikweni kuja anawachenjeza, kochokera m'phewa kutsikira ku chigongono mpaka m'zala. "Sikisi," anatero. Chitsulo china chinalowa. Analikweza, thukuta likutsika kumsana, m'makutu mukulira. Atalitsitsa, Conrad anaima kaye n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Chatsala chitsulo chimodzi," anatero. "Koma sitikuthamangira kulikonse. Ndiuzeni zoona, nambala?"

Mumtima a Mathilda ankati, mwanawe, yang'ana khosi, tapako wekha, usandifunse. Ankafunitsitsa kuti awakanize, alande bokosilo mwaukali, iwo atsale ndi ulemu wawo ndi phewa lawo. Koma iye anaphunzitsidwa kulemekeza mawu a munthu wamkulu pa za thupi lake. Anaima ndi chitsulo m'manja, akudikira yankho.

"Seveni," anatero a Mathilda. "Onjezerani."

Bokosi linafika pachifuwa, linafika pachibwano, ndipo phewa linalira kuti phwa, mpaka Conrad anamva. Mkono unagwa wokha ngati si wawo. Bokosi linamenya pansi, zitsulo n'kumwazika. A Mathilda anagwada, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo anali akuti, "Pepani, ndakuswerani bokosi."

Opaleshoni inachitikira ku chipatala china chachikulu m'tauni. Dokotala wake anati mtsemphawo unali ukunyotsoka kwa nthawi yaitali, tsiku la mayesolo unangomaliza. Anasoka zimene zikanasokeka. Mkono unakhala pa lamba wopachika m'khosi masabata ambiri, ndipo m'mawa uliwonse Mwiza ankawaveka asanapite kuntchito, kuwamanga mabatani, kuwamangira duku mokhota. Sananene kuti ndinakuuzani, iwonso sananene kuti unanena zoona. Ankangothandizana mwakachetechete, wina akuyang'ana pansi wina pawindo. Atabwerera kwa dokotala miyezi itapita, iye sanazungulire. Anati mkonowo udzadya, udzavala, udzalemba, koma za kunyamula munthu aiwale.

Conrad anaimba foni, mawu ake ngati wodwala ndi iyeyo.

"Ndinkakufunsani nthawi zonse," anatero. "Bwanji simunandiuze?"

A Mathilda anafunafuna Chingerezi choti amufotokozere, osachipeza.

"Munkafunsa mwaulemu, ine ndinkayankha mwaulemu," anatero. "Si mlandu wanu, mwanangu."

Atadula foni analira, okhaokha m'fulati, chitseko chokhoma. Analirira ntchito, analirira mkono, ndipo analira ndi mkwiyo chifukwa panalibe munthu woti amuloze chala.

Kunja kutafunda, mitengo itabiriwira, anapita kuntchito kukatenga katundu wawo. M'kabati yawo munali nsapato zogwirira ntchito, kapu ya tiyi, juzi yakale ndi mafuta opaka m'manja, zonse zinakwana m'jumbo imodzi. Anzawo anawakumbatira mosamala, mbali ya kumanzere. Mwangala anati adikire, shifiti ikatha akweranso basi imodzi. Podikirapo a Mathilda anakwera chikepe kupita ku nsanjika yachitatu, akuti akangosuzumira.

Gogo Pina anali m'chipinda chochezera, pa chikuku chake pafupi ndi windo, yekha. Anali atatha, khosi ngati la nkhuku. Ogwira ntchito anali kumapeto kwa khonde, akugawa zakudya m'zipinda. Gogoyo anatembenuka, anatsinzina, anayang'anitsitsa.

"Matilde!" anafuula. "Unali kuti? Wandisiya ndi afiti awa!"

Anatambasula manja onse awiri n'kuweramira kutsogolo. Khushoni inaterereka. Sanagwe mwamphamvu ayi, anangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka anakhala pansi pakati pa zopondera, mwendo umodzi utapindika, maso ali tong'o ndi mantha.

Thupi la a Mathilda linafika pamenepo lokha. Jumbo inagwa, anawerama, mkono wamanzere unalowa m'khwapa mwa gogoyo monga unkachitira zaka zonsezi. Wamanja anaulamula kuti ubwere. Unanyamuka pang'ono, unafika m'chiuno, unanjenjemera, n'kuima pomwepo. Anayesanso. Ululu unawalasa mpaka m'mano, mkono osasuntha. Munthu wake wochepa chonchi, mafupa okhaokha!

Pina anawagwira diresi ndi zala zonse.

"Ndinyamule, Matilde. Iwe wekha. Usaitane awo, amandipweteka."

A Mathilda anagwada pambali pake. Anayang'ana nkhope ya gogoyo, yodzaza chikhulupiriro, ndipo anamva chisoni choti sanachimvepo chiyambire.

"Sindingathe, gogo," anatero.

Gogoyo sanamve, kapena sanafune kumva. Anakoka diresi mwamphamvu.

"Sindingathe," anabwereza mokweza. Kenako anatembenukira kukhonde n'kukuwa, "Mwangala! Thamangani kuno, munthu wagwa!"

Mwangala anabwera akukankha makina onyamulira, pambuyo pake mtsikana watsopano uja. Mtsikanayo anagwada, anamugwira gogoyo m'chiuno ndi m'mawondo kuona ngati wathyoka, akumulankhula mofatsa. Ankaidziwa ntchito, palibe chimene a Mathilda akanamudzudzula. Pina anayang'ana a Mathilda kanthawi, anayang'ana mkono uli lende uja, kenako zala zake zinamasuka pa diresi chimodzi chimodzi. Anatembenuka n'kupereka manja ake kwa mtsikanayo.

"Pepani mayi," anatero mtsikanayo osayang'ana m'mwamba, "tasunthani pang'ono."

A Mathilda anadzuka, anatola jumbo yawo ndi dzanja lamanzere, n'kukaima kukhoma kuti makina adutse.